GPA yotsika koma mukufuna ntchito ya maakaunti? Nayi njira imene ine ndinadutsa

Nditangomaliza koleji ndinakhala pa kompyuta pafupifupi maola awiri ndikudzaza fomu ya ntchito ya kampani ina yayikulu ya ma odita. Ndalemba dzina, ndalemba sukulu, ndakweza CV, ndalemba kankhani kaja koti n'chifukwa chani mukufuna kugwira ntchito kuno, kenako pa peji yomaliza ndikuona kabokosi kakang'ono koti lembani GPA yanu, avereji ya magiredi onse a ku koleji ija, pansi pake timalemba tofiira toti osachepera 3.0. Yanga inali 2.4. Ndinalemba 2.4 yomweyo n'kudina, ndipo imelo yondikana inabwera madzulo a tsiku lomwelo, moti mpaka lero ndimakhulupirira kuti palibe munthu wamoyo amene anaiona CV ija, anandisefa ndi makina basi.

Ndinachita zimenezo kangapo, fomu ina, imelo ina yokana, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina zamaakaunti zi si zanga. Pano ndagwira ntchito imeneyi kwa zaka zingapo ndipo ndakhalapo mbali inayo ya tebulo kufunsa anthu mafunso, nde ndikuuzeni zimene ndikanakonda wina akanandiuza nthawi imeneyo.

Magiredi amagwira ntchito pa khomo limodzi lokha

Chimene sindinkachimvetsa n'chakuti GPA amaifuna kwambiri malo amodzi, ma graduate programme, mapologalamu olemba ntchito ongomaliza kumene koleji, a makampani akuluakulu, makamaka anayi aja, Deloitte, PwC, EY ndi KPMG, ndi mabanki ena. Iwowa amalandira mafomu ochuluka zedi pa malo ochepa, nde sangawerenge onse, amafuna chosefera chachangu, ndipo nambala ndi imene imasefa msanga. Si kuti afufuza n'kupeza kuti wa 2.9 sangathe kuchita odit. Ndi sefa basi. Ndipo ngakhale kumeneko zinthu zikusintha, EY ya ku UK inalengeza mu 2015 kuti isiya kugwiritsa ntchito giredi ya digiri ngati chotsekera khomo, PwC ya komweko inachotsanso mu 2022 lamulo loti digiri ikhale ya giredi ya 2:1 (upper second class) kapena kuposa, mmalo mwake amakupatsani mayeso awo a pa intaneti, a masamu ndi ena oona mmene mumaganizira mukakumana ndi vuto pa ntchito. Malamulowa amasiyana dziko ndi dziko ngakhale kampani ili imodzi, nde werengani chimene ofesi imene mukufunsirayo yalemba. Ngati sanatchule GPA, funsirani. Ngati alemba kuti osachepera 3.0 ndipo inu muli pa 2.3, musataye maola awiri ngati ine.

Ntchito zambiri za maakaunti sizili kumeneko. Zili mmakampani ang'onoang'ono a ma odita okhala ndi anthu khumi kapena makumi awiri, mmaofesi a maakaunti a mafakitale, mahotela, sukulu, zipatala, mabungwe othandiza anthu, kulikonse kumene ndalama zikulowa ndi kutuluka. Bwana wa kumeneko vuto lake si loti mwana uyu anapeza chani mu Cost Accounting chaka chachiwiri. Vuto lake n'loti mwezi watha, ma invoisi a ma supplier awunjikana, bank reconciliation (kufananitsa mabuku a kampani ndi statement ya ku banki) sinachitike miyezi iwiri, ma odita akubwera, ndipo iye akufuna munthu woti Lolemba akhale pa desiki ayambe kuchotsa mulu umenewo. Maudindo ake amalembedwa kuti accounts assistant, accounts clerk, bookkeeper, accounts payable, payroll assistant, audit trainee. Sakani mawu amenewo. Ena amaziona ngati ntchito zotsika kwa munthu wa digiri, ine ndimati amenewo sanaonepo mmene munthu amene wakhala chaka chimodzi pa accounts payable amaidziwira kampani yonse, amadziwa amene amalipidwa, amene amachedwetsedwa, ndi komwe ndalama zimathawira.

CV: musaike nambalayo, komanso musaname

Ngati sanakufunseni GPA, musailembe. Lembani digiri, koleji, chaka chomalizira, basi. Palibe chinyengo pamenepo, CV si kolapira machimo.

Ngati magiredi anu anatsitsidwa ndi makosi ena osakhudza maakaunti, kapena chaka choyamba ndi chimene munagwa nacho koma zaka ziwiri zomaliza munadzuka, mutha kuwerengera avereji ya makosi a maakaunti okha kapena ya zaka zomalizazo n'kuilemba, koma mulembe momveka kuti nambala iyi ndi ya chani. Osalemba GPA 3.2 yokha ngati kuti ndi yonse. Ndipo chonde, chonde, musawonjezere nambala. Akakulembani ntchito ambiri amapempha transcript, ndipo mu ntchito ya ndalama munthu amene wagwidwa akusintha nambala pa pepala lake lomwe, watha. Giredi yotsika bwana angaikhululukire, koma palibe amene angapereke cheque book kwa munthu amene wasintha 2.4 kukhala 3.0.

Kenako sunthani gawo la maphunziro, pamwamba pakhale zimene mumatha kuchita. Vuto n'loti ambiri pamenepa amalemba kuti ndine wolimbikira ntchito, ndimagwira bwino ndi anzanga, ndimadziwa kompyuta. Aliyense amalemba zomwezo. Pakufunika chinthu chooneka, nde tiyeni tikhale pamenepa pang'ono chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Pangani umboni ndi manja anu

Pekani bizinesi yaying'ono, kaya ndi shopu yogulitsa zipangizo, kaya ndi kampani yonyamula katundu, n'kuilembera mabuku a miyezi itatu kuyambira pa ziro. Mwini wake waika mpamba, wagula katundu pa ngongole, wagulitsa wina pa kashi wina pa ngongole, walipira lendi, walipira antchito, wagula galimoto, kasitomala wina wabweza katundu, wina sakulipira. Lembani zonsezo mu Excel kaye, ma journal, ledger, trial balance (mndandanda woona ngati ma debit ndi ma credit akufanana), mpaka income statement ndi balance sheet. Mukamaliza, lowetsani zomwezo mu pulogalamu ya maakaunti. QuickBooks ndi Xero amakhala ndi nthawi yoyesera yaulere, GnuCash ndi yaulere mpaka kale, ndipo ngati mungapeze mpata wogwira Sage gwirani chifukwa maofesi ambiri amaigwiritsa ntchito. Mukadziwa imodzi bwinobwino zinazo sizivuta, maganizo ake ndi amodzi, debit uku credit uku, zomwe Luca Pacioli analemba m'buku lake mu 1494, mabatani okha ndi amene amasiyana.

Chimene mukuyenera kuchidziwa mpaka kumachilota ndi bank reconciliation, chifukwa ndi ntchito yoyamba imene amapatsa munthu watsopano pafupifupi kulikonse. Tiyerekeze cash book yanu, buku la ndalama zolowa ndi zotuluka, ikuti mu banki muli 48,300 koma bank statement ikuti 51,150. Musanjenjemere. Tengani ziwirizo muziyendera limodzi mzere ndi mzere, chimene chili konsekonse muchonge. Zotsala zija ndi zimene zikukuuzani nkhani. Mupeza cheke cha 4,000 chimene munalembera supplier koma iye sanakachisinthe ku banki, nde kwa inu ndalama zinatuluka koma ku banki zikadali momwemo. Mupeza 1,000 imene munaika ku banki tsiku lomaliza la mwezi madzulo ndipo iwo aionetsa mwezi wotsatira. Mupeza ma bank charges a 150 amene banki yadula inu osadziwa. Ma charges wo muwalowetse mu cash book, itsika kufika pa 48,150. Mbali ya banki, 51,150 kuchotsa 4,000 kuphatikiza 1,000, yabwera 48,150. Zakumana. Kamtima kamene kamagunda nambala ziwirizo zikafanana, amene sanachitepo sangakumvetseni.

Nanga zikakana kukumana? Pali timachenjerero tiwiri timene kukalasi satiphunzitsa kawirikawiri. Ngati kusiyanako kukugawika ndi 9 popanda chotsala, kayikirani kuti penapake mwatembenuza manambala, mwalemba 450 pamene panali 540, kusiyana kwake 90, ndipo 90 imagawika ndi 9. Ngati trial balance yasiyana ndi nambala inayake, igaweni pawiri mufufuze ngati pali transaction ya ndalama imeneyo, chifukwa mukaika chinthu mbali yolakwika, debit mmalo mwa credit, kusiyana kumakhala kuwirikiza kawiri. Mukatchula zimenezi mu intaviyu, wofunsayo amadziwa kuti munthu uyu wakhalapo pansi n'kulimbana ndi mabuku, sanangoloweza manotsi.

Excel nayonso musangoti ndimaidziwa. Dziwani SUMIFS, VLOOKUP kapena XLOOKUP, ma pivot table, kusefa, kuchotsa zobwerezabwereza. Pangani aged debtors list yosonyeza amene ali ndi ngongole ya masiku 30, 60, 90 ndi kupitirira. Malo ambiri amakukhazikani pa laputopu mphindi makumi atatu n'kukupatsani data yosokonekera kuti muikonze, ndipo pamenepo wa 3.8 amene sanagwirepo pivot table amatuluka thukuta inu mukumaliza.

Ngati mungapeze mabuku enieni ndi bwino koposa. M'bale wanu ali ndi kabizinesi ndipo ma risiti amangowaponya mu jumbo? Mupempheni muwasanje, mumulembere mabuku miyezi ingapo, mumusonyeze ngati akupindula kapena ayi. Gulu lililonse limene muli membala ndipo likusowa msungichuma, dziperekeni. Pa CV zimalembeka bwino lomwe: ndinalemba mabuku a bizinesi yaying'ono kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuphatikizapo bank reconciliation ya mwezi ndi mwezi. Ndi zoona, ndipo mukafunsidwa muli ndi nkhani yofotokoza. Kungoti musamanyamule mapepala a eni ake kupita nawo ku intaviyu, chinsinsi cha kasitomala ndi mbali ya ntchitoyi, nyamulani za bizinesi yopeka ija.

Mayeso a ukatswiri amafufuta zambiri

Chinthu chimene chimatseka pakamwa funso la GPA mwachangu ndi kukhoza pepala la professional. Tengani mwachitsanzo ACCA, bungwe la ma akauntanti lochokera ku UK. Ili ndi mayeso 13, kukhoza kwake ndi 50 peresenti, ambiri amalembedwa mu March, June, September ndi December, ndipo kuti mukhale membala pamafunikanso miyezi 36 ya ntchito yeniyeni ndi module ya ethics. Amene ali ndi digiri ya maakaunti yovomerezeka amatha kukhululukidwa mapepala ena, zimene amati exemption, mpaka 9 kutengera pulogalamu imene anaphunzira. Palinso CIMA kwa amene akufuna management accounting, CPA ku America, ndi mabungwe a ma akauntanti a dziko lililonse amene ali ndi mayeso awoawo. Bwana akaona kuti mwalembetsa ndipo mwakhoza kale pepala limodzi kapena awiri, maganizo ake amachoka pa zimene munachita muli ndi zaka 19 kupita pa zimene mwachita miyezi itatu yapitayi, ndipo pepala limenelo ndi lomwelo limene wa first class akulembanso, palibe kukondera.

Apa ndinene maganizo anga amene ena sagwirizana nawo. Ngati Financial Reporting ku koleji munaidutsa mokwawa, mwina ndi sapu, ganizirani kawiri musanalandire exemption ya pepala limenelo. Zimakoma kumva kuti mwadumpha mapepala 9, koma kutsogolo kuli pepala la Strategic Business Reporting limene limamanga pa maziko omwewo, ma IFRS (malamulo olembera ma financial statements ogwiritsidwa ntchito mmaiko ambiri), ma consolidation (kuphatikiza mabuku a makampani a gulu limodzi), ndipo ngati maziko ali ofooka mudzagwa kumeneko kangapo, ndalama zake zochuluka. Ine ndinalandira ma exemption onse mosangalala, kenako ndinabwerera ndekha kukawerenga buku la pepala limene ndinadumphalo chifukwa ndinkangoona mdima. Komanso musalembetse mapepala atatu nthawi imodzi pofuna kuonetsa kuti mwasintha. Limodzi, mulikhoze bwino.

Anthu

Fomu ya pa intaneti imakusefani ndi nambala, munthu amakusefani ndi zimene waona mwa inu, nde pitani kwa anthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anzanu amene munali nawo kalasi ndipo analowa kale ntchito ndi amene amamva koyamba kuti ku ofesi kwathu akufuna munthu, auzeni kuti mukusaka, musabise chifukwa cha manyazi oti iwo anakhoza bwino. Lekichala amene kosi yake munachita bwino, ngakhale ndi mmodzi yekha, mulembereni, ambiri amadziwana ndi ma partner a makampani a odit. Pa LinkedIn musatumize uthenga woti ndithandizeni ntchito, anthu amangoudutsa. Funsani chinthu chenicheni, kuti ndaona mumagwira za odit ku kampani yaying'ono, kodi ma trainee mumawatenga nthawi iti pa chaka ndipo mumayang'ana chani.

Nthawi nayonso ndi yofunika. Makampani a odit ndi a zamisonkho amapanikizika makasitomala awo akatseka chaka, ndi pamene masiku operekera ma tax return ayandikira. Mwezi umodzi kapena iwiri nthawi imeneyo isanafike, lemberani makampani ang'onoang'ono mwachindunji ngakhale sanalengeze, nenani kuti muli okonzeka kugwira kontrakiti ya miyezi itatu. Ya miyezi itatu imeneyo nthawi zambiri ndi imene imasanduka yokhazikika, chifukwa bwana amene wakuphunzitsani kale mafayilo ake safuna kuyambanso ndi munthu wina.

Akakufunsani za magirediwo

Funsoli likonzekereni ngati mmene mungakonzekerere mayeso, chifukwa likakupezani mosayembekezera mumayamba kulankhula zambirimbiri, lekichala uja ankandida, koleji yathu imaumira mamakisi, ndipo mukamalankhula wofunsayo akungolemba kuti munthu uyu zolakwa zake amakankhira ena. Mu maakaunti mudzalakwitsa ndithu, mudzaposta invoisi kawiri, mudzalipira supplier wolakwika, ndipo chimene bwana akufuna kudziwa n'chakuti tsiku limenelo mudzabwera kudzanena nokha kapena mudzabisa mpaka ma odita atulukire.

Yankho likhale lalifupi, mbali zitatu: vomerani, nenani chifukwa mu chiganizo chimodzi, sonyezani chimene chasintha. Langa linali lotere: "Inde bwana, magiredi anga a zaka ziwiri zoyambirira sanali abwino, ndinkagwira ntchito usiku kuti ndipeze fizi ndipo nthawi sindinkaigawa bwino. Chaka chomaliza ndinakonza, Auditing ndi Taxation ndinakhoza bwino, pano ndakhoza pepala limodzi la ACCA, ndipo ndabweretsa mabuku amene ndinalemba ndekha ngati mungafune kuwaona." Mukatero khalani chete. Osawonjezera. Kachetechete kameneko kamawawa koma kapirireni, iwo apita ku funso lina. Ngati chifukwa chake chinali matenda kapena maliro, mutha kungoti panali zovuta za kubanja zimene pano zinatha, simukakamizidwa kufotokoza zonse. Ndipo ngati chifukwa chake kunali kusewera basi, nenani kuti sindinaikepo mtima nthawi imeneyo, anthu amalemekeza zimenezo kuposa nthano yopeka.

Kenako adzakuyesani ndi timafunso ta ntchito, ndipo kwa inu timeneti ndi tofunika kuposa kwa wina aliyense chifukwa ndi pamene mukutsutsa transcript ija pamaso pawo. Bilu ya magetsi a December yabwera mu January, mupanga bwanji? Accrual, debit expense ya magetsi mu December, credit accrued expenses, chifukwa magetsiwo anagwiritsidwa ntchito mu December. Talipira inshuwalansi ya chaka chonse pakati pa chaka? Gawo la miyezi imene sinafike ndi prepayment, limakhala mu balance sheet ngati asset. Makina a 12,000, agwira zaka 5, pomaliza tidzagulitsa 2,000, depreciation ya straight line? 10,000 kugawa 5, 2,000 pa chaka. Kampani ikuonetsa phindu koma mu banki mulibe ndalama, zatheka bwanji? Makasitomala sanalipire, ndalama zagona mu stock, kapena zagulira makina. Ziyesereni kunena mokweza, pakamwa, osati mumtima, chifukwa kudziwa chinthu ndi kuchifotokozera munthu amene akukuyang'anani mmaso ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chimene simukuchidziwa nenani kuti ichi sindinachigwirepo koma ndingayambe kufufuza motere, osalota yankho.

Mukalowa

Ntchito yanga yoyamba inali kontrakiti ya miyezi itatu mu ofesi ya anthu anayi. Tsiku loyamba amayi amene anali bwana wanga anandiikira katoni pa desiki, mkati muli ma risiti ndi ma invoisi a kasitomala wina a chaka chathunthu, ena ofufutika, ena omatidwa ndi selotepi, n'kundiuza kuti "achimwene, izi zikhale trial balance pofika Lachisanu." Za GPA sanandifunse tsiku limenelo ndipo sanandifunsepo mpaka ndinachoka. Malipiro anali ochepa kuposa a anzanga amene analowa makampani akuluakulu, zimenezo sindikubisirani, ndipo zinkandiwawa tikakumana. Koma iwo chaka choyamba ankangochonga gawo limodzi la fayilo ya odit, pamene ine ndinali nditagwira payroll, VAT, fixed asset register ndi kutseka mabuku a makasitomala angapo kuyambira pa risiti mpaka pa financial statements.

Sungani kabuku kolembamo chilichonse chatsopano chimene mwachita sabata imeneyo, pulogalamu imene mwagwiritsa ntchito, vuto limene mwapeza n'kulikonza. Ngati mukuchita ACCA, pezani msanga munthu woyenera kusainira miyezi yanu ya ntchito, musadikire zaka zitatu zithe kenako muziyamba kusaka bwana amene anasamuka kalekale. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri makampani aakulu aja amatenganso anthu kudzera khomo lina, la amene ali kale ndi experience, ndipo fomu ya kumeneko imafunsa zimene mwagwira ndi mapepala amene mwakhoza. Ine nditadzaza yoteroyo ndinafika pa peji yomaliza ndikuyembekezera kabokosi kaja ka timalemba tofiira, ndinapeza pali funso loti mungayambe liti, ndi loti notisi yanu ndi ya masabata angati.